Mowa Wowawa wa m'Chigafa

Loweruka, 4 Juni 1977

Wabwera. Zaka makumi atatu ndi ziwiri, lero wabwera.

Masana, ine ndikupeta mawere a chimera pakhonde. Galu kuuwa. Kudzutsa mutu: nkhalamba yowonda, jekete lakuda, chipewa m'manja, bokosi lachitsulo pansi. Ndinayesa wogula nkhuku. Mpaka atatsokomola. Katsokomoledwe komwe kaja.

Yoswa Mwale. Mwamuna wanga, ngati mawuwo akadali ndi ntchito.

Ati, "Odi, Nambewe." Ngati munthu amene anangopita kudambo kukamweta udzu.

Odiyo sindinamuyankhe. Ndinapitiriza kupeta. Mankhusu onse kuulukira pajekete lake, iye ali chiliri, osasasa n'komwe.

Anachoka Tabita ali kumsana, wa miyezi isanu. Ati ku Halale zaka ziwiri zokha, ndikapeze njinga ndi bulangete. Lero Tabita ali ndi ana anayi ndi imvi pamphumi. Ndiye amene anathamanga kudzamuyalira mphasa. Bambo wake sawadziwa ndi nkhope yomwe, koma misozi mbwee. Mwana wopusa. Mwana wabwino.

Ndikulemba m'kope lakale la Tabita. Kusukulu sindinapondeko ine, ngakhale pakhomo pake. Zilembozi ndinazitola pamchenga. Makalata a munthu ameneyu akabwera ndinkapita nawo kwa aphunzitsi, iwo kumawerenga mokweza ngati ali paguwa, mudzi wonse kumva kuti "ndakusowa". Zinandikwana. Ndinakagwira Kezia, mkazi wa aphunzitsiwo, mnzanga wa pamtima, ndati undiphunzitse. Chaka chathunthu, kuseri kwa nkhokwe, ndi kamtengo m'manja. Kalata yoyamba imene ndinawerenga ndekha mpaka pansi ndiyo inali yomaliza. Ina sinabwerenso.

Dzanja linazolowera basi. Ndimalemba za mvula, za mbuzi, za mowa wanga. Lero ndalemba za mtchona.

Lolemba, 6 Juni

Tinakhala pansi kwa achimwene anga a Obadiya, eni mbumba.

Mtchona uja wanena zake. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akuphikira mzungu mmodzi. Anakwatira kumeneko, sanabise. Mkaziyo anamwalira chaka chatha, mwana analibe. Nkhondo yakula, mzungu wagulitsa nyumba wapita. Kwawo ku Bowe anayamba wafikako: manda okhaokha. Pamene panali nyumba ya amayi ake pali mizere ya eni ake.

Ndati, "Ndiye mwatikumbuka chifukwa manda ayandikira."

Ati, "Eya."

Akananama ndikanadziwa pomugwira. Koma eya?

A Obadiya ati mudzi uno ndi wa akazi, mkamwini amagona pomwe mwini nyumba wamulola. "Mlongo, mawu ndi ako." Ndati m'nyumba mwanga salowa. Nyumbayi ndinaimanga ndi mowa. Mwana ndinamulera ndi mowa. Mpingo unandidula chifukwa cha mowa womwewo, iye ali kukazingira azungu mazira. Tabita kulira. Basi a Obadiya apatsa mtchonayo chigafa cha fodya cha kumapeto kwa mudzi, chilibe ntchito popeza fodya anapita kale kumsika. Akhalemo mpaka ndiganize.

Ndaganiza kale.

Chisanu cha chaka chino. Mphepo yochokera kuphiri la Ntchisi ikulowa mpaka m'mafupa. Chigafa chilibe khoma, denga lokha ndi mphanda. Si nkhani yanga.

Bulangete langa lofiira lasowa pachingwe. Tabita ati sanalione. Sindinafunsenso.

Lachinayi, 9 Juni

Watuma Tabita kudzabwereka mbiya. Mbiya! Ati akufuna kufulula mowa. Mwamuna! Ndaseka mpaka nthiti kuwawa.

Kuyambira kuno mpaka ku Madisi funsani za mowa wa Nambewe. Anthu amawoloka mitsinje iwiri. Zaka zonsezi wanga sunasasepo, ngakhale kamodzi. Ndiye wophika tiyi wa adona adzafulule pakhomo panga?

Ndamupatsa yaing'ono ija, ya mlomo wobenthuka. Ndione manyazi ake.

Madzulo Tabita ati waitsuka katatu ndi madzi owira. Katatu! Mbiya yanga ili ndi litsiro? Mbiya ya mowa imakoma ndi kale lake, ana omwe amadziwa.

Ati mzungu wakeyo ankafulula mowa wa kwawo kuseri kwa nyumba, iye akumuthandiza. Pambuyo pake mzunguyo kumangokhala pampando, iye kumachita zonse. M'bokosi muja Tabita waonamo: zovala pang'ono, thumba la chimera chachizungu, chitini cha maluwa ouma, kabotolo ka chotupitsa, ndi mabotolo asanu ndi atatu okulunga m'malaya. Zaka makumi atatu ndi ziwiri, chuma chake ndi chimenecho.

Njinga ija kulibe.

Loweruka, 11 Juni

Sindinapite kukaonera. Ndinapita kukafuna mbuzi yanga, ndipo mbuziyo inali pafupi ndi chigafa. Nthawi yaitali ndithu.

Chimera chake ngati mpunga wosapuntha, koma chonenepa. Dzanja limodzi anakazinga m'phale mpaka chinafiira, fungo ngati chigumu chopserera m'mbali. Pamphero sanapere kuti chisalale, anangochiswa. Kenaka m'madzi otentha koma osawira, akuyesa ndi chala ngati wosambitsa khanda. Mbiya anaifunditsa bulangete. Langa lofiira.

Apa ndiye pandiwawa: anasefa pansalu yoyera, madzi kusunga, masese onse kukhuthulira nkhuku. Masese! Ukataya masese mowa uli pati? Munthu akhuta chiyani?

Madziwo anawiritsa, n'kutsekula chitini. Timaluwa tobiriwira, touma, topepuka ngati mankhusu. Anathira zikhatho ziwiri. Mphepo inabwera nalo fungo mpaka pomwe ndinaima. Kaya ndilembe bwanji. Ngati utomoni wa paini wa m'nkhalango ya boma. Ngati ndimu ukaikanda ndi chikhadabo. Ngati udzu wongomweta kumene. Zonsezo pamodzi. Mphuno yanga imadziwa fungo lililonse la mowa, ili sinalidziwe.

Anandiona. Ati, "Mbuzi yanu yapita kale kunyumba, Nambewe."

Mwano.

Koma manja ake ndawaona. Odekha. Sataya kanthu, sathamanga, chilichonse chili pamalo pake. Manja a wofulula ndithu, ndisaname. Kope ili siliuza munthu.

Lachisanu, 17 Juni

Wanga wapsa. Mowa wofolera nyumba ya a Obadiya, mbiya zitatu. Amuna padenga kuyambira m'mawa, masana anatsika.

Chikho choyamba ndinamwa ine, choimirira, pamaso pa onse, ndiye chinayenda. Mwini mowa ndiye amayamba, aliyense aone kuti mulibe kanthu. Mwambo umenewu ine sindiseka nawo. Malume anga a Aroni anafa ndili namwali. Anawapatsa chikho pamowa wa kutsidya, mwini wake osalawa, iwo chifukwa cha ulemu anamwa. Atafika kunyumba ati unali wowawa. Kutacha tinali kulira maliro. Ndulu ya ng'ona, anatero akuluakulu. Chiyambire pamenepo chikho chosalawidwa sichifika pakamwa panga, wondipatsayo angakhale ndani.

Mtchona uja anabwera kudzaponya mitolo ya udzu, ndi timphamvu take tochepato. Chikho chitamupeza anamwa, n'kutsinzina. Kutsinzinabe. Ati, "Kumene kuja ndinkaulota umenewu." Anthu kuseka. Ine ndinayang'ana kumbali. Utsi.

Mlamu wanga Faines, mkazi wa a Obadiya, anandinong'oneza: "Muchenjere naye, mlamu. Atchona amabwera ndi mankhwala a kutali. Maluwa ajawa mukuwadziwa inu?"

Kezia ati, "Ngati ndi kondaine wachedwa naye zaka makumi atatu."

Tinaseka. Koma mawu a Faines anatsala.

Lolemba, 20 Juni

Tabita ati mbiya ija inachita thovu masiku atatu, tsopano yakhala chete. Lero wathira m'mabotolo, mulimonse kashuga kotsina ndi zala. Wakawakwirira mumchenga wonyowa kumtsinje, m'munsi mwa dimba langa. Ati milungu ina iwiri.

Wanga masiku asanu wapsa. Wake mwezi. Munthu wochedwa, mowa wochedwa.

Chitseko cha khola chinkagwa chiyambire dzinja. M'mawa uno ndachipeza chili bwino, chomanga ndi luzi latsopano. Palibe wanena kanthu.

Lachiwiri, 28 Juni

Kumsika wa ku boma, kukagulitsa nyemba. Pachipata anyamata ofunsa makadi a chipani. Langa ndimamanga pakona pa chitenje, ndinaonetsa, ndinalowa. Kucheuka, munthu uja amuimika. Khadi alibe, wabwera liti. Mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wake akumuloza chala pamphuno, ati mudala mwachokera kuti, mukudziwika ndi yani kuno. Iye chipewa m'manja, kuwerama, "Inde bwana, inde bwana."

Kuwerama kumeneko ndiko kunandipsetsa mtima. Ndinabwerera. Ndati, "Iwe, chotsa chala. Ndi amuna anga awa, abwera kumene kuchokera ku ulendo. Khadi agula pompano."

Zinangotuluka.

Pobwerera iye pambuyo, ine patsogolo, chitunda chonse cha pa Kanyenda osalankhulana. Dengu langa ananyamula ndiye. Pafupi ndi mudzi ndati, "Musaganize zambiri. Ndimateteza dzina la mudzi." Ati, "Ndamva, Nambewe." Koma mawu ake anali akumwetulira. Sindinacheuke kuti ndione.

Lolemba, 4 Julayi

Ndilembe momwe zayendera.

Dzuwa litapendeka. Pabwalo panali a Obadiya, Faines, Kezia, Tabita, ndi amayi osinja. Anatulukira atavala jekete loyera la kukhitchini, mabatani mpaka pakhosi. M'manja mbale yafulati, pamwamba pake botolo ndi tambula. Amayi aja anasiya misi.

Anagwada. Botolo linati pho! Anapendeketsa tambula, kuthira pang'onopang'ono. Maonekedwe akewo! Osati mbuu ngati wathu. Wofiirira, woonekera mkati, ngati tsamba la fodya louma bwino ukaliyang'ana padzuwa. Ngati uchi wa m'phanga. Tinthovu tikukwera m'mizere ngati inswa zotuluka pachulu. Pamwamba chipewa choyera.

Anaika patsogolo panga. Anaimirira, kubwerera m'mbuyo mapazi awiri, manja kumsana. Kudikira.

Inenso kudikira.

Ndinayang'ana tambula, ndinayang'ana iye. Osainyamula. Aliyense akuona kuti mwini mowa sanalawe. Faines kutsokomola dala.

Sindinamwe. Ndinangoviika chala, n'kugunditsa palilime.

Kuwawa.

A Aroni ndinawaona pomwepo, momwe anagonera pamphasa. Ndinalavula. Ndinakuwa, mawu anga ndikuwamvabe: "Ndulu! Ndulu ya ng'ona! N'chifukwa chake simukulawa! Mwabwera kudzandipha kuti mutenge nyumba!" Tambula ndinaikankha ndi phazi, inasweka pamwala.

Nkhope yake. Sindinaonepo nkhope ikugwa chotero.

Anatenga botolo, munali mutatsala theka, anamwa wonse choimirira, pamaso pa onse. Anawerama n'kutola magalasi limodzi limodzi, kuika m'mbale, kuti ana asaponde. Ati, "Pepani, Nambewe." Anapita.

Iye ndiye wapepesa.

Lachiwiri, 5 Julayi

Kutangocha ndinatuluka kuyang'ana kuchigafa. Utsi. Kenaka iye, akusesa.

Wamoyo.

Ndinakhala pamtondo. Ndinayamika Mulungu, ngakhale anthu ake anandidula. Kenaka manyazi, ngati wandithira madzi ozizira.

Faines ati anayamba wamwa mankhwala opha ululu wa nduluyo. Kuchitsime nkhani yafika kale kuti anabwera ndi ndulu m'chitini. Amayi akukokera ana kutali ndi chigafa. Moto ndinayatsa ndine, koma ukuyenda wokha.

Tabita wandibweretsera madzi, waika pansi, wapita. Osati moni.

Lachinayi, 7 Julayi

Dzulo onse anapita ku boma kuchikondwerero. Ine ndati mwendo.

M'mawa a Obadiya. Ati mawu akupha munthu sagona pamudzi chomwecho. "Ngati ndi zoona, mlongo, tiitane anthu ukhale mlandu. Ngati si zoona, uwabweze pomwe unawatulutsira, pabwalo." Ati alamu anena kale kuti sakufuna kuvutitsa munthu. Loweruka m'mawa akwera lole yopita ku Madisi, kuchokera pamenepo wapansi ku Bowe.

Kwa yani? Kwa manda?

Masana Kezia. Anachokera kuchigafa, sanakhale n'kukhala pansi. Ati, "Ndawafunsa chimene sanalawire. Tamvera, mutu wouma iwe." Ati m'nyumba ya azungu wophika akagunditsa mlomo patambula ya dona, ntchito yatha tsiku lomwelo. Wolemekezeka ndiye amayamba, iwe umabwerera m'mbuyo, manja kumsana. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, tsiku lililonse. Ati mawu awo anali awa: "Ndimafuna kumupatsa ulemu umene ndinkapatsa adona. Ndinaiwala kuti kwathu ulemu umayambira pakamwa pako."

Ndati nanga kuwawako. Ati ndi maluwa aja, amathira dala, ndiwo amaletsa mowa kusasa, ndipo eni ake amaukondera kuwawa komweko. "Luni sudya iwe? Sawawa? Chaka chilichonse umamufunafuna m'mabwinja."

Ndati nanga mowawo anafululiranji, ndinawapempha ine. Kezia anandiyang'ana ngati akundiphunzitsa chilembo pamchenga. Ati, "Anena kuti njinga analibe. Chimene amadziwa ndi chimenechi, ndipo pamudzi pano wodziwa kuweruza mowa ndiwe wekha. Anasenza chimera kuchokera ku Halale kuti iwe unene kuti wakoma. Kapepese."

Ine? Chibadwire sindinapepesepo munthu. Abusa anati ndigwade ndisiye mowa, ndinakana. Aphunzitsi anati mkazi wamkulu sangadziwe zilembo, ndinadziwa. Pabwalo, pamaso pa Faines? Lilime lingakane.

Kezia ati, "Ndiye khala nako kunyadako, kukufunditse."

Chimene sindinauze Kezia: tsiku lija, ndikukuwa chomwecho, kuwawa kutachoka panabwera kanthu kena palilime. Kakutali, ngati uchi. Ndinakamva. Ndinapitiriza kukuwa.

Lachisanu, 8 Julayi

Pakhonde ndapeza mbiya yanga ya mlomo wobenthuka, yotsuka. M'kati mwake bulangete lofiira, lochapa, lopinda bwinobwino ngati la m'sitolo.

Ndiye lero agona ndi chiyani.

Tabita wandilankhula mawu amodzi okha: mabotolo asanu ndi awiri otsalawo awasiya kumtsinje, palibe angawafune.

Ndayesa kunena ndekha m'nyumba. "Pepani." Likumveka ngati la munthu wina.

Loweruka, 9 Julayi

Ndilembe zonse, ndingaiwale.

M'mawa ndinatsikira kumtsinje. Mame mpaka m'maondo. Ndinafukula ndi manja, mchenga wozizira ngati kuti zala ziduka. Botolo limodzi. Ndinalitsuka, ndinatenga chikho changa chakale chomwera ine ndekha.

Pabwalo anali akutsanzikana. Bokosi lili pansi, chingwe chomanga kale. Tabita maso ofiira. Anthu ambiri ndithu, ena anangobwera kudzaona mfiti ikuchoka.

Ndinadutsa pakati pawo. Ndati, "A Mwale, mowa suchoka pamudzi pano osaweruzidwa. Woweruza ndine. Tsekulani."

Anandiyang'ana. Anagwada, anatsekula. Pho! Anathira m'chikho changa, mopendeketsa, thovu kukwera mpaka m'mlomo. Ndiye ananyamula chikhocho ndi manja awiri kupita nacho pakamwa pawo. Aphunzira.

Ndinawagwira padzanja. Fupa lokhalokha. Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndisanalikhudze.

Ndati, "Iyayi. Bweretsani kuno."

Faines, "Mlamu!" A Obadiya anamutontholetsa ndi dzanja.

Ndinayamba ndanunkhiza. Paini uja, ndimu ija. Ndinamwa. Osati kugunditsa, kumwa ndithu, pakamwa podzaza.

Kuzizira koyamba, kwa mumchenga. Kenaka tinthovu tikutsina lilime ngati tinyerere. Kenaka kuwawa, kwenikweni, kofika mpaka m'makutu. Mtima unati lavula. Ndinagwira. Ndinameza. Ndipo kuwawako kunayamba kusuntha pang'onopang'ono ngati nkhungu ikuchoka paphiri, kumbuyo kwake kunali chimera chokazinga chija, chigumu chopserera m'mbali, ndi kauchi kaja, tsopano pafupi. Potulutsa mpweya maluwa anatulukira m'mphuno. Pakamwa mbee, ngati ndatsuka. Ndipo lilime, lopanda manyazi, kufunanso kuwawa komwe kuja.

Wanga umakhutitsa m'mimba, umakhala pansi ngati chakudya. Uwu sukhutitsa. Umakudzutsa. Umakufunsa mafunso.

Ndinamwa kachiwiri. Kachitatu. Ndinageya pamaso pa achimwene anga, ndi paini yemwe.

A Mwale akadali chigwadire, maso ali pakamwa panga ngati mwana wobweretsa dengu lake loyamba kuluka.

Ndati, "Ukuwawa."

Anawerama.

Ndati, "Ndi wochepa thupi. Masese munataya, ndipo pamenepo tidzakangana. Koma wofulula uyu amadziwa ntchito. Thiraninso."

Ndinacheukira anthu. Liwu lija la dzulo linakanabe kutuluka, koma panatuluka ena. Ndati, "Mwaona nonse, ndamwa ine mwini wake asanalawe. Mulibe ndulu umu. Ndulu inali m'kamwa mwangamu. Amene anatenga mawu anga kupita nawo kuchitsime, akatenge ndi awa."

Kezia kululutira ngati paukwati, wamisala. A Obadiya analandira chikho, anamwa, anakwinya nkhope yonse, ati, "Alamu, azungu anakulakwirani chiyani?" Kenaka anamwanso. Faines anakana, koma ananunkhiza kawiri.

Lole inalira hutala kumsewu. Palibe anasuntha.

Ndati, "Bokosili likutani pabwalo, mukufuna ana apunthwe? Tabita, kalowetse." Ati kuti, amayi. Ndati, "Uli ndi nyumba zingati za amako?" Pabalaza pokha, ndinatero. Asaganize zambiri.

A Mwale anapukuta maso ndi chipewa. Ati, "Utsi." Moto panalibe.

Lachiwiri, 12 Julayi

Mabotolo atsala atatu. Timatsekula limodzi dzuwa likafika pakhonde, chikho chimodzi. Woyamba ndani sitikuwerenganso. Lero kuwawa ndakudikira ngati mlendo wodziwika.

Maluwa m'chitini atsala a mbiya imodzi. Chimera chachizungu chinatha. Ndati tiyese ndi mawere anga, ati mwina. Ndati masese sitikutaya, ati ndiye suoneka mkati. Ndati munthu amamwa ndi maso? Takangana mpaka nkhuku kulowa. Mbiya ndawapatsa yaikulu. Atsuke katatu ngati akufuna.

Chifuwa chawo sichikundisangalatsa. Lachisanu ndipita nawo kuchipatala ku Madisi, afune asafune. Bulangete lofiira lili pamapewa awo.

Tsopano apa andipeza ndi kope. Ati, "Nambewe, mumalemba?" Sanadziwe. Akanadziwa bwanji. Ndawauza za Kezia, za mchenga, za kalata yomaliza ija, kuti ndinaiwerenga ndekha mpaka inang'ambika m'mapindo. Avula chipewa, achiika pabondo.

Ati mukulemba chiyani. Ndati za mowa. Ati mundiwerengereko.

Ndawachenjeza kuti koyambirira kukuwawa. Pali "mtchona", pali "mwano", pali zina zoposa apo. Ati, "Ndigwira. Ndimeza."

Ndiye nditsegule pa 4 Juni paja. Ayamba kale kusendeza mpando, dzuwa latsala pang'ono, ndipo maso angawa saona zilembo kukada.